Wamtali Sanamve Kuitana Kwanga

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo wa apongozi uja unasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, ntchito yonyamula miyala ikuyenda, fumbi ndi lomwe lija.

Kalatayi ndaiyamba katatu. Nkhani yake ndi ya Wamtali, dalaivala mnzanga amene munamubweza pachipata tsiku la maliro a mlongo wanu. Munamubweza chifukwa cha mawu anga. Ndinakuuzani kuti masana amene mayi a ana anakomoka ndinamuitana pa wailesi yolankhulirana kuti abwere ndi lole, poti kuno kuphiri foni sigwira, koma iye osayankha, mpaka ola lathunthu linatha tikufunafuna galimoto ina.

Sabata yatha abwana anaitanitsa wailesi ya m'nyumba mwanga. Ndinali ndisanaikhudze chichokereni malemu. Inali pawindo, yovundikira ndi kansalu kamene anasoka okha. Amisiri a mawailesi atangoiyang'ana anafunsa kuti ndani anatembenuza kabatani kakutsogolo. Kabataniko kali ndi mbali ziwiri, AM ndi FM. Malole athu onse amalankhulana pa AM. Yanga inali pa FM.

Anandionetsa patebulo pawo pomwepo. Anayatsa mawailesi awiri pa tchanelo chimodzi, ina pa FM, ina pa AM, n'kundiuza kuti ndilankhule. Ku inayo kunangotuluka timawu tofooka ngati ta munthu wofunda bulangete kumutu. Anati m'lole, injini ikulira, palibe angamve zimenezo.

Alamu, anatembenuza kabataniko ndine. Mlongo wanu ankadandaula kuti AM imathetheka mvula ikamagunda, mutu n'kumawapweteka. Ankandiseka kuti ndawabweretsera mkazi mnzawo wolongolola. Ine, podziyesa wodziwa, ndinaika pa FM, phokoso n'kutha, iwo n'kupumula bwino. Ndinati ndibwezeretsa mawa lake. Ndinaiwala. Kaya ola lija likanawapulumutsa, sindikudziwa, ndipo sindinafunse munthu.

Dzulo ndinamupeza Wamtali akuthira madzi m'injini, ndipo ndinamuuza zonse. Anapukuta manja nthawi yaitali. Kenako anati ankafuna kundiuza kalekale kuti wailesi yake sinalire tsiku limenelo, koma anaona kuti woferedwa satsutsidwa. Atatero anandipatsa chigubu kuti ndimugwirire, n'kunena kuti chokhacho chilibe kabatani koti ndiwononge. Ndinalephera kuseka. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikumudutsa osamupatsa moni, iye n'kumandisiyirabe malo pabenchi nthawi ya nkhomaliro.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi muwawerengere apongozi ndi onse amene anamva bodza langa, musadumphe mzere. Kumapeto kwa mwezi ndikubwera kudzaona manda, ndipo ndamupempha Wamtali kuti tibwere limodzi. Wavomera, koma akuti adzaima pamsewu mpaka wina wa pakhomopo amuitane. Chonde mudzamuitane ndinu. Ngati pali wofunika kubwezedwa pachipata, akhale ine.

Mundiperekere moni kwa apongozi, kwa akazi anu, ndi kwa azakhali a ana. Mwana wanga wamkulu yekha musamuwerengere. Ameneyo ndidzamuuza ndi pakamwa panga.

Ndine mlamu wanu,
Bambo a ana a mlongo wanu