Miyezi itatu ya Luckness

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 27 ndipo ndimakhala ku Ulongwe. Amuna anga, a Sidik, amakonza mafoni ku Balaka, amabwera kunyumba Lachinayi madzulo kuti Lachisanu aswali kumzikiti wa kuno. Takhala m'banja zaka zinayi koma mwana sitinamuonebe, ndipo azilamu anga anayamba kale kundiyang'ana pamimba ndisanawapatse n'komwe moni.

Chaka chatha anagula laputopu yakale n'kuyamba gemu ina yake ya zam'mlengalenga. Amasewera ndi anzawo asanu, wotsogolera wawo ndi a Lloyd. Akuti aliyense amapatsidwa nyenyezi imodzi, n'kudzikonzera yekha mapulaneti oizungulira, koma motsata malamulo a gemuyo. Poyamba ndinkangoti bola zimenezi kusiyana n'kumayendayenda.

Mwezi watha ndikuwachapira chikwama ndinapezamo kakope. Aphungu, ndinakatsegula. Tsamba loyamba analemba kuti: "Luckness, miyezi itatu. Madzi ambiri, malo abwino okhala. Ndimange kumeneko msanga ena asanadziwe." Luckness ndikumudziwa ine! Ndi telala amene amasoka pakhonde loyandikana ndi shopu yawo. Ndinamuonapo kawiri, ndipo kawiri konseko ankaseka ndi amuna anga mano onse pamtunda.

Tsamba lina munali mawu akuti: "Lloyd wakana, akuti lamulo silola. Luckness abwerere pa miyezi iwiri." Apo sindinamvetse, koma ndinaona kuti a Lloyd nkhaniyi akuidziwa. Ndiye anthu ake ndi omwewa amadya mpunga wanga pa Idi.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi tsamba lomaliza. Anajambulapo chinthu chachikulu chozungulira, n'kulembamo dzina langa, pansi pake mawu awa: "Pakati. Wotentha kwambiri. Palibe angakhalepo. Sasuntha." Ine amene ndadikira pakati zaka zinayi, andilembe "pakati" mondiseka? Ndiye kuti ndine wa moto, munthu sangakhale nane? Ndinalira mpaka maso kutupa.

Atabwera ndinawaonetsa kakopeko. Anaseka, Aphungu, anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti, "Iyayi iwe, Luckness ndi pulaneti!" Ndinati, "Pulaneti imasoka madiresi?" Iwo anati, "Ndi za gemu basi, sungamvetse." Mawu akuti sungamvetsewo ndi amene anandimaliza. Kuyambira tsikulo ndimangowaikira chakudya osalankhula.

Ndauza kale amalume anga, a Zuberi, kuti aitane ankhoswe kumapeto a mwezi uno. Ngati akufuna mkazi wachiwiri anene poyera, asandibisire m'makope. Pano ndi pamudzi pathu, iwo anachita kubwera, ndipo njira yobwerera kwawo kwa Kawinga akuidziwa. Koma ndimawakonda, Aphungu, ndipo ndikuopa kulakwitsa. Kodi gemu ingakhale ndi mimba ya miyezi itatu?

R.T., Ulongwe

Mwanawe R.T.,

Pukuta misozi kaye, uwauze amalume ako kuti adikire pang'ono. Kalata yako ndaiwerenga katatu, kenaka ndapita nayo kwa a Elliam, bambo wa imvi zake amene timagwira naye ntchito kuno, yemwe magemu otere anamulowa m'magazi. Dzina lako sindinamuuze.

Mwanawe, wakhumudwa pa mawu awiri, ndipo loyamba ndi "mwezi". Iwe unawerenga mwezi wa pakalendala. Koma suja usiku timaonanso mwezi kumwamba? Dziko lathu lili ndi umodzi, mapulaneti ena ali ndi ingapo. A Elliam akuti m'magemu amenewa munthu amasankha kuti pulaneti yake ikhale ndi miyezi ingati, ndipo akapyola malire anzake amamubweza. Taganiza bwino pa tsamba limene unati sunalimvetse lija. Ine ndakula, ndaona zambiri, koma mimba yochoka pa miyezi itatu n'kubwerera pa iwiri chifukwa a Lloyd akana sindinaionepo. "Kumanga kumeneko ena asanadziwe" akuti ndi kukhazikitsa mudzi pa pulaneti ya madzi adani a m'gemu asanailande.

Liwu lachiwiri ndi "pakati". Pamenepa sindikuseka, chifukwa ndikudziwa pamene likukubaya. Koma chinthu chachikulu chozungulira, chokhala pakati, chotentha kwambiri, chosasuntha, ndi chiyani? Ndi dzuwa, mwanawe. Ndi nyenyezi imodzi ija amapatsidwa, imene zina zonse zimaizungulira. Mwa mayina onse a m'Balaka, pamenepo anaikapo lako.

Ndiye usathamangire kuvina, sindinamalize. Miyezi ndaimasulira, koma za dzina lija amuna ako sindingawayankhire. Pulaneti ikanatha kupatsidwa dzina la malo ngati Chiuta kapena Mpiri, bwanji Luckness? Mwina anangotukula maso posaka dzina n'kuona telala ali pamakina ake. Mwinanso maso akhala akutukuka kawirikawiri. Ine sindikudziwa, iwenso sukudziwa, ndipo ankhoswe sangaweruze nkhani imene mwini wake sanaifunse mpaka pamapeto. Funso lako ndi loyenera, ungolifunsa pamalo ake.

Chita izi. Lachisanu akabwera kuchokera kumzikiti, adye kaye, kenaka uwauze kuti, "Tsegulani laputopu, mundionetse Luckness ndi miyezi yake." Ukhale pambali pawo, kakope kali m'manja, muziyerekeza tsamba ndi tsamba. Ngati ndi gemu, pulanetiyo uiona ndi maso ako, miyezi iwiri ikuizungulira. Uwafunse malamulo ake, akufotokozere mpaka umve. Mkazi amene anatha kupeza kakope m'chikwama n'kuloweza masamba atatu sangalephere kumva za mapulaneti.

Ukatero uwafunse modekha chifukwa chimene anasankhira dzinalo, ndipo uziwayang'ana nkhope poyankha. Uwapemphe alisinthe. A Elliam akuti m'magemu ambiri kusintha dzina n'kosavuta kuposa kusintha batire ya foni, ndiye wokonza mafoni asakuuze kuti n'zosatheka.

Kwa telala uja usapiteko. Ukakamuchititsa manyazi pamsika chifukwa cha mwezi wa kumwamba, Balaka yense adzakuseka mpaka ukalamba, ndipo mwina mwana wa eni ake sakudziwa n'komwe kuti ali ndi pulaneti.

Palinso nkhani imene ili pansi pa zonsezi, ya mwana. Ukanakhala kuti mtima wako suli pa bala limeneli, ukanawerenga kakope kaja n'kuseka. Uwauze amuna ako mmene maso a azilamu ako akukupwetekera. Mupite kuchipatala nonse awiri, osati iwe wekha, chifukwa vuto limeneli limatha kukhala mbali iliyonse, ndipo nthawi zambiri thandizo limakhalapo.

A Sidik, ngati mukuwerenga, kuseka mkazi akulira ndi kulakwa, ngakhale mutakhala kuti simunachimwe. Kumuuza kuti sangamvetse ndi kulakwa kwachiwiri.

Chenjezo langa ndi ili, R.T. Akakana kutsegula laputopuyo, kapena akamazemba kusintha dzinalo, usakanganenso nawo, itana a Zuberi ndipo kakopeko upite nako. Koma akatsegula, n'kupezadi dzina lako lili pakati, uwauze mawu awa: kukopeko analemba kuti susuntha, koma pa Ulongwe pano unatsala pang'ono kusuntha, iwo ali kalikiliki kuwerenga miyezi ya Luckness.

Aphungu