Chimene Ndinamva Mphuno Zitatseguka

Ku Chiuta,
Kwa Kawinga,
Machinga.

Wokondedwa mlongo wanga Shafiq,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi kamwana kaja timangokaonera pa foni. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Nanga ntchito ya m'sitolo ikuyenda? Kuno tilipo, Alihamudulillah. Madzi atsika m'nyanja, ndipo matemba akuphedwa ochepa.

Usadabwe kuti ndakulembera pa pepala ngati munthu wakale pamene foni ndili nayo. Nyumba yathu ukuidziwa, ukatsokomola kuchipinda wa pakhonde amakupepesa. Zimene ndikufuna kukuuza sindingazitulutse pakamwa amayi ali pafupi. Ndapatsira a Raymond, oyendetsa basi za ku Joni aja, ndipo ndawauza kuti akupatse m'manja mwako. Uwerenge utakhala pansi.

Ndiyambe ndi mphuno zanga, poti iwe pa foni umangofunsa n'kudula ndisanayankhe.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikupumira kukamwa. Mutu unkandiwawa pamphumi ndi m'masaya, mamina achikasu osatha, ndipo fungo ndiye sindinkalimva mpang'ono pomwe. Ndiwo zinkapserera ndili chikhalire pambali pake. Iwe wemwe unkandiseka kuti ndimalankhula ngati munthu amene waika mutu mumtsuko. Sindinaiwale ayi.

A ku Liwonde atanditumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, anandijambula mutu n'kupeza kuti m'mphuno munamera tinyama tofewa totseka njira zonse, ndipo kuseri kwake kunadzaza mafinya. Mankhwala opopera anali atalephera kalekale. Sanandicheke nkhope monga tinkaopera. Anandigoneka tulo, n'kulowetsa kachitsulo ka kamera kudzera m'mphuno momwemo, kuchotsa tinyama tija ndi kukulitsa timipata ta mkati. Ndinadzuka mphuno zili zodzaza thonje. Mulungu akubwezere pa zonse unandichitira pa ulendo umenewo.

Adokotala anandilangiza kuti ndizitsuka m'mphuno ndi madzi owiritsa a mchere katatu pa tsiku, ndipo ndisamamine mwamphamvu. Anatinso ndikamva fungo loipa masabata oyamba ndisachite mantha, amakhala magazi ouma ndi nkhanambo za mkati. Mawu amenewa ndinawasunga kwambiri, mwina mopitirira.

Nditatuluka ndinakhala masiku khumi ku Balaka kwa mng'ono wathu Ayisha. Tsiku lachisanu ndi chinayi Ayisha ankasenda nachesi pakhonde, ine ndili poteropo. Kenaka china chake chinangondilowa m'mutu, chakuthwa, chokoma. Ndinalira, Shafiq. Mayi wamkulu ngati ine kulirira nachesi! Tsiku lonse ndinkangoyenda ndikununkhiza zinthu, sopo, mutu wa mwana, thukuta la wakabaza, ngakhale ngalande ya kumsika. Ayisha anati ndimuchititsa manyazi kwa aneba.

Tsopano ukumbuke zinthu ziwiri za amayi. Chaka chatha anachoka kwa Ayisha, kusiya nyumba ya magetsi ndi chipatala pafupi, n'kubwera kudzakhala ndi ine kuno kufumbi. Tonse tinati ayambana, ngakhale Ayisha ankalumbira kuti sanawalakwire. Kenaka nditanena za opaleshoni anakana kwamtuwagalu. Anati anthu amatsikira kulichete ndi tulo ta ku chipatala, anati mmene Mulungu anandisiyira ndi momwemo. Iwe ndi ine tinawaseka pa foni kuti akalamba.

Ndinafika kuno dzuwa lili paliwombo. Amayi anandilonjera ali patali, osandikumbatira. M'nyumba munkafuka ubani masana onsewo. Ndinakondwa kumvanso ubani patapita zaka, koma pansi pa ubaniwo panali fungo lina. Silinali la nsomba zowola, limenelo ndimalikumbukira kuyambira utsikana. Ili linali lotsekemera pang'ono, lolemera, lokakamira kukhosi. Ndinati m'mtima, ndi zija ananena adokotala. Ndinawiritsa madzi a mchere n'kutsuka.

Masabata atatu ndakhala ndikutsuka mphuno zosalakwa. Kumsika ku Nselema fungolo kunalibe. Kunyanja pa mathandala a nsomba kunalibe. Ndikangolowa pakhomo, ilo. Ndinadziuza kuti panja mphepo imandithandiza, m'nyumba ndiye ndimadzimva ndekha. Tsiku lina ndinaganiza kuti mwina khoswe wafera kudenga. Ndinatulutsa matumba onse a mpunga, kugwedeza udzu ndi ndodo, kusesa mpaka pansi pa bedi. Amayi anakhala pamkeka akundiyang'ana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sanandifunse chimene ndinkafuna.

Nditabwerera ku Blantyre kuti akandione, adokotala analowetsanso kamera ija. Anati zapola bwino, mwayera, mulibe chonunkha. Ine ndinaumirira kuti ndikumva fungo tsiku ndi tsiku. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti mphuno zanga tsopano sizinama, ngati ndikumva fungo ndiye kuti liripo, ndikalifune kunja kwa mphuno. Mawu amenewo anandizizira njira yonse mpaka ku Liwonde.

Ukudziwa kuti ine ndimasambitsa maliro a akazi kuno. Anandiphunzitsa Abiti Sadiki, mayi wamtali uja wa pafupi ndi mzikiti. Maliro ovuta, a munthu wodwala nthawi yaitali kapena wovuulidwa m'nyanja, ankandiitana ine chifukwa anzanga ankathawira panja. Ndinkadzitama kuti ndine wolimba mtima. Lero ndadziwa kuti panalibe za mtima, zinali mphuno zotseka basi.

Lachinayi lapitali anandiitana koyamba chichitireni opaleshoni. Anali mayi wa mudzi wa kutsidya, amene anadwala chilonda cha m'bere kwa nthawi yaitali. Tinalowa kuseri kwa nsalu, tinaika madzi ofunda, Abiti Sadiki anayamba Bismillah. Nditangovundukula nsalu ya pachifuwa, fungo linandimenya kumaso. Fungo limenelo silinali lachilendo kwa ine, Shafiq. Ndinali nditadya nalo, kugona nalo, kuswali nalo masabata atatu. Linali fungo la kunyumba kwathu.

Abiti Sadiki anandiona. Sanadabwe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa mtembo. Anangondigwira mkono n'kunong'ona kuti timalize kaye kumusambitsa mnzathuyu, za kunyumba ndikazione pambuyo. Mmene ndinamangira sanda tsiku limenelo sindikukumbuka.

Ndinapeza amayi akusankha mpunga m'lichero. Ndinawauza kuti ndatereka madzi, ndikufuna ndiwatsuke kumsana. Anati asamba kale. Ndinagwada patsogolo pawo n'kunena kuti sindidzuka. Anapitiriza kusankha mpunga, kamwala kamodzikamodzi, mpaka mawondo anga anachita dzanzi. Kenaka anaika lichero pansi, kulowa m'nyumba, n'kundiitana.

Anamasula nsalu imodzi, ina, inanso. Pansi pake panali nsanza zothira makala osinja. Ndi bere lakumanzere. Chilondacho n'chachikulu ngati chikhatho changa, ndipo m'khwapa muli zotupa zolimba. Ndaona zambiri pa ntchito yanga, koma onsewo anali atapuma kale. Awa ankandiyang'ana.

Anandifotokozera modekha ngati akunena za munthu wina. Akuti chinayamba ngati kambulu zaka ziwiri zapitazo ku Balaka. Chitaphulika, tsiku lina pa chakudya kamwana ka Ayisha kanagwira mphuno n'kunena kuti agogo akununkha. Ayisha anakamenya, nkhani n'kuthera pomwepo, koma amayi sabata yomweyo anamanga katundu. Anati kwa ine ankakhala ngati munthu. Ndinkadya nawo mbale imodzi, ndinkawaluka tsitsi, ndinkakhala nawo moyandikana osatembenuza nkhope. Ndipo anandipepesa, Shafiq. Anati ndili ku Blantyre anapempha Mulungu kuti ndidzuke ku tulo tija, koma anapemphanso kuti mphuno zanga zikhale mmene zinalili.

Ndinawakalipira. Inde, ndinakalipira amayi anga odwala. Ndinawafunsa kuti bwanji osanena chikadali kambulu, chipatala chili pamphuno pawo ku Balaka. Anati chifukwa cha iwe. Akuti mapepala ako sali bwino, ukangomva ungadumphire basi, ndiye pobwerera sakulola pa boda, ntchito n'kutha, mkazi ndi mwana n'kuvutika. Anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti sindikuuza. Ndinati Wallahi. Kalata uli nayo m'manjayi ndi lumbiro limenelo ndikuliphwanya, ndipo mlandu wake ndidzauyankha ndekha.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mudzi wonse unkadziwa. Azimayi anasiya kulowa m'nyumba mwathu kalekale, ankangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kulonjera chapatali. Ine ndinkawanena kuti ayamba matama. Chaka chathunthu ndagona chipinda chimodzi ndi chinthu chimenechi, ndikudzuka m'mawa n'kumawafunsa amayi ngati agona bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe anandikokera pambali. Aliyense ankaganiza kuti mwana wa m'nyumba sangalephere kudziwa.

Loweruka ndinakatenga a Jasten, adokotala a pachipatala chathu chaching'ono. Amayi analola kuti awaone chifukwa ankadziwana ndi malemu bambo. Anasiya mankhwala a ululu ndi mapiritsi ena osinja n'kuwaza pachilondapo kuti fungo lichepe. Za ku Blantyre amayi safuna n'kumva komwe. Powaperekeza, a Jasten anaima pa njinga yawo osakwera, n'kundifunsa ngati pali ana ena amene ali kutali. Nditati ulipo iwe, anati ndikuitane. Ndinafunsa kuti liti. Anati dzulo likadakhala bwino.

Ayisha ndamuuza ndili kudambo kumene netiweki imagwira, koma iwe pa foni sukadandimvera mpaka kumapeto. Akubwera mawa.

Pali china chimene sindinauze munthu, ndipo ndikuuza iwe chifukwa uli kutali, sukundiona nkhope. Ndikulephera kukhala pafupi ndi amayi. Ine wosambitsa maliro. Lamlungu nditawatsuka chilonda ndinathamangira kuseri kwa bafa n'kusanza. Ndinayesa kuchita mwakachetechete koma anamva. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse amatuluka n'kuyang'ana utsi wa kukhitchini kuti ukupita kuti, kenaka amakokera mkeka wawo kumene utsiwo ukulowera, kuti mphepo izichoka kwa ine kupita kwa iwo. Mphepo ikasintha, amasuntha. Chakudya akudyera pawokha. Ndikanyamula mbale yanga kuti ndikakhale nawo, amati pamene ndilipo mpabwino.

Nthawi zina ndimalakalaka tinyama tija titameranso. Kenaka ndimakumbukira kuti tikadapanda kuchotsedwa, ndikadadzadziwira zonsezi kuseri kwa nsalu ndikusambitsa mtembo wa amayi, Abiti Sadiki ali pambali panga. Sindikudziwa kuti ndithokoze kapena ndidandaule. Ndakwiyira amayi, ndadzikwiyira ndekha, ndipo iwenso ndakukwiyira ngakhale sunalakwe kanthu.

Lero m'mawa Abiti Sadiki anabwera kudzazonda. Anakhala ndi amayi kanthawi, akucheza za mpunga ndi mitengo ya sopo. Pochoka anadutsa kuseri kwa khitchini, anayang'ana nkhuni zathu n'kunena kuti zachepa. Dzuwa lisanapendeke, azimayi asanu anafika ndi mitolo pamutu. Sindinawatume. Anatula mwakachetechete, kusanja bwinobwino, kulonjera amayi, n'kumapita. Iwe unakulira kuno, ukudziwa nyumba imene amaitutira nkhuni zochuluka chonchi. Amayi anawathokoza mmodzimmodzi potchula mayina.

Choncho, mlongo wanga, usatumize kanthu. Usaimbenso foni kuti uwafunse, adzakuuza kuti ali bwino, adzaseka, ndipo iwe udzakhulupirira chifukwa udzafuna kukhulupirira. Za mapepala ako ndikuzidziwa, ndipo sindikunamiza kuti ukabwera udzabwereranso mosavuta. Ukambirane ndi mlamu wanga. Koma ine pandekha ndikukupempha kuti ubwere.

Ndinali nditalekeza pamenepa kuti ndipinde pepala, amayi n'kundiitana ali pamkeka wawo kutsidya kwa bwalo. Anandifunsa kuti ndikulembera ndani kuyambira masana. Ndinati adokotala a mphuno. Anayang'ana mulu wa nkhuni uja. Kenaka anati ngati ndikulembera mwana uja, ndimuuze akwere basi ya sabata ino. Anati ya sabata yamawa asavutike nayo.

Mulungu akusunge m'njira, akutsegulire pamene pali potseka. Undiperekere moni kwa mlamu wanga, ndipo kamwanako ukajambule chithunzi chabwino ubwere nacho, agogo ake akufuna chogwira m'manja.

Ndine mlongo wako,
Zaina