Lole ya Lachinayi

Lolemba, 6 Ogasiti 1979
Mphepo, fumbi. Iness wadzuka akudandaulanso pamtima. Chilungulira, akuti. Dzulo mbatata ndi mtedza wokazinga, ndiye ndamuseka kuti dyera. Wanyambita phulusa, wapita kukayeserera gule wa chipani. Sabata yamawa amayi akavina ku Lilongwe.

Lachitatu, 8 Ogasiti
Phulusa lalephera. Soda nayenso. Chilungulira ine ndimachidziwa, changa n'chakale: chimawotcha ukadya, madzi owawasa kukhosi, ukageya chimaphwa. Cha mkazi wangayu chimabwera akukwera chitunda ndi ndowa, m'mimba mulibe kanthu. Akuti ngati munthu wamukhalira pachifuwa. Thukuta kukuzizira chonchi? Dzanja lamanzere dzanzi, kupweteka mpaka nsagwada. Ayi ndithu, ichi n'china. Ndikuopa.

Loweruka, 11 Ogasiti
Ndinapita kwa mayi Agnesi, apampando a amayi a chipani, kukapempha kuti Iness apume. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Aphunzitsi, chilungulira n'kudwala? Kapena pakhomo panu mwatopa nacho chipani?" Ine ayi ayi, pepani amayi. Mawu otere anthu amapita nawo osabwerako.
Iness atamva anakalipa. "Musandiputire mlandu, bambo a Yeremiya. Ndivina."

Lolemba, 13 Ogasiti
Tayesa kupita kuchipatala pa njinga mamawa, anthu asanadzuke. Pamtsinje wasanza, mpweya kubanika. Tabwerera. Basi inaleka kufika kuno ku Chisepo kwathu. Galimoto ndi imodzi yokha, lole yodzatenga amayi Lachinayi. Imadutsa pa Mtengowanthenga penipeni, chipatala chikuoneka apo. Ndachonderera Aroni, dalaivala wake. Akuti, "Apampando akanena, ndiima." Akanena!

Lachinayi, 16 Ogasiti
Wakwera. Ndachita kumunyamula. Nsalu ya chipani, milomo mbuu, koma akuimba nawo. Ndamunong'oneza kuti pachipatala akakuwe, asachite manyazi. Wangogwedeza mutu.
M'kalasi ndalemba masamu pabolodi, ana akuti ndi adzulo omwe. Ambuye, imitsani loleyo.

Lamulungu, 19 Ogasiti
Sinaime. Akuti anali atachedwa kale ku gule. Iness sanakuwe, anangotsamira mnzake, iwo n'kumati wagona. Ku Lilongwe onse anatsika, iye ayi.
Taika dzulo. Yeremiya sakudya.
Mayi Agnesi anabwera ndi amayi awo onse, anaimba bwino zedi. Kumanda akulu ampingo anati mwini maliro athokoze achipani chifukwa chobweretsa thupi pa lole yawo.
Ndinaimirira. Ndinathokoza.