Paipi ya pasinki

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale. Msana ukuwawa koma mtima uli myaa.

Paipi ya pasinki inatsekekanso ku lesitilanti komwe ndimagwira ntchito, madzi otsukira mbale n'kusefukira pakhonde la sitolo ya a Jafali, yoyandikana nafe. Abwana anandiloza chala: "Nachisale, zikachitikanso mubwerera kwanu ku Dzoole."

Azibambo ali kalikiliki kukangana za zipani, ine ndinatokosa paipiyo ndi waya. Munatuluka mpunga wowola, minga ya nsomba, ndi supuni yomwe abwana ankati ndinaba! Anailandira maso ali pansi.

Kenako ndinaboola chitini ndi msomali n'kuchiika musinkimo kuti chizisefa zotsala m'mbale. Madzi akupita osaima.

A Jafali anati, "Mayi, mutu wanu umagwira. Mukonzereko akazi anga china."

Chitini ndachipeza kale, koma msomali wanga wapindika, ndiye mawa ndikasaka wina...