Kapilo Kouluka ka Lukonde

Kabwata, Lusaka
17 Julayi 2024

Okondedwa akulu anga a Winifred,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ulayako pamodzi ndi odwala anuwo. Ife kuno tikudzuka, kungoti kukuzizira. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, pomwe nkhani iyi ikufunika muimve yonse musanayambe kundikalipira.

Mwana wanu Lukonde ali bwino, ndipo akadali m'manja mwanga. Ndikutero dala, chifukwa Lamlungu lapitali apongozi anu anatsala pang'ono kundilanda mwanayu.

Paja mwanayu amavuta pogona. Ndiye ndinamupekera nthano ya mwana wa mfumu amene anali ndi kiyi wotsegula chitseko chilichonse, belu loitanira mbalame, ndi pilo wouluka womunyamula usiku kupita kwa amayi ake kutsidya kwa nyanja. Tsiku lake lobadwa litayandikira, anati akufuna mkanda wokhala ndi zinthu zitatuzo. Mikanda ndinagula ku msika wa Kamwala, kakiyi ndinachotsa pa loko wa sutikesi yakale, kabelu ndinathothola pa zokongoletsa za Khirisimasi. Kapilo ndinasoka ndekha ndi kachidutswa ka chitenje chanu chakuda chija. Inu mukudziwa kuti ine ndi singano sitimwerana madzi. Kanatuluka kokhota, kotupa mbali imodzi, ulusi uli balala. Koma mwana anakondwa, moti savula ngakhale posamba.

Lamlungulo apongozi anu, ba Exildah, anatulukira kuchokera ku Chelstone ndi amayi awiri a kutchalitchi kwawo, onse ali m'yunifomu. Moni asanathe n'komwe, maso awo anali pakhosi pa mwana.

"Iwe Towela, ni chani ichi wavalika muzukulu wanga?"

Ndisanatsegule pakamwa, Lukonde anandiyankhira monyadira.

"Ni pilo, ambuya. Imauluka usiku. Ba anti ndiye banapanga."



"Chithumwa!" anakuwa ba Exildah. "Nenze kuziba ine! Longa zovala za mwana, ayenda na ine lelo lamene!"

Mayi mmodzi anayambitsa nyimbo yothamangitsira ziwanda, mnzake n'kumavomera ataima pafupi ndi chitseko. Anthu a pamafulati pano, amene sabwera ngakhale udwale, anadzaza masitepe. Ndinalongosola za nthano, koma pomwe ndinatchula zooloka nyanja usiku nyimbo ija inangokwera.

Ndinapsa mtima. Ndinatenga sizasi n'kuwapatsa m'manja.

"Ng'ambani muone, muli chabe thonje."

Ndinanena modzikuza, manja m'chiuno, poti thonjelo ndinaikamo ndekha. Ba Exildah anadula kapiloko patebulo. Thonje linatulukadi. Kenako china chake chinagwera pambale kuti gobede. Dzino la munthu.

Nyimbo inathera pakati. Mayi wa pachitseko uja tinangomva nsapato zake pamasitepe, chikwama atasiya. Ineyo kunena zoona ndinayamba kudzikayikira ndekha, kuti kapena ndimatamba osadziwa.

Apo Lukonde analira mokweza, kukamwa kuli yasa, aliyense n'kuona pamene panachoka dzino la kutsogolo.

"Ni lino langa! Ba anti banakamba ati niponye pa mutenje wa nyumba, koma ine nifuna ba mami balione. Ninaika mu pilo kuti ibapelekele."

Mwanayu anaphwasula kapiloko mobisa n'kukasokanso yekha, ine osazindikira, chifukwa kusoka kwake ndi kwanga sikusiyana.

Ba Exildah anakhala pansi. Anayang'ana dzinolo nthawi yaitali, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako anaitanitsa singano, anabwezeramo thonje ndi dzino lomwe, n'kusoka bwinobwino, pakamwa pali pa ine.

"Mukazi mukulu osaziba kutunga! Ukanatunga mushe sembe yaoneka monga pilo, osati vamene ivi."

Mwana anamusiya. Chilango changa n'chakuti Loweruka lililonse ndizikwera basi kupita ku Chelstone kukaphunzira kusoka. Sekani, ndikudziwa kuti mukuseka.

Akupereka moni ba Exildah, akuti mafuta a maondo aja anatha. Mayi wa chikwama sanabwerebe kudzatenga. Lukonde akuti akukupatsani moni wamkulu, ndipo m'mawa uliwonse amafinya kapilo kake kuti amve ngati dzino lapita. Akalipeza amati mwina kunali mphepo. Ine mabodza andithera, akulu anga, ndipo zimandipweteka. Dzino lachiwiri layamba kale kugwedera. Musatumizenso chidole. Pemphani tchuthi mubwere, mudzamuone akuseka ndi mpata wake wa m'kamwa, mano aakulu asanamere.

Ndine mng'ono wanu wosadziwa kusoka,
Towela