Kompyuta yanu ndinaipeza m'chitenge

Okondedwa alongo anga baYohane,

Muli bwanji ku Solwezi? Ife kuno ku Mtendere tili bwino, mwendo wa amai unaleka kutupa.

Lachiwiri ndinavutika kushopu yathu yosindikiza makadi. Mayi wina anabwera kudzatenga makadi a ukwati wa mwana wake, koma kompyuta yakutsogolo inakana kuona foda ija munatikonzera yogawana mafayilo. Ndinasintha waya, ndinazimitsa rauta yolumikiza makompyuta ija n'kuiyatsanso monga munandiphunzitsira, koma sizinatheke. Mayi uja anayamba kundikalipira.

Nditalowa kuchipinda chakumbuyo, ndinapeza kompyuta yanu yakale, imene imasunga fodayo, ili yozima, yokulungidwa m'chitenge. Anali amai! Akuti, "Iyi ni ya Yohane, fumbi lisaiwononge mwiniwake asanabwere."

Ndinawafotokozera kuti ikagona iyo, zinzake zimasowa kotenga mafayilo. Titaiyatsa, foda inaonekera, ndipo mayi uja anapita akumwetulira ndi makadi ake.

Chonde mundilembere mmene ndingasamutsire fodayo kutsogolo. Komabe yanuyo sindidzaichotsa pamalo pake, chifukwa amai tsopano amaiyatsa okha m'mawa uliwonse. Akuti kanyali kake kakayaka, ndiye kuti mwadzuka bwino.

Mulungu akusungeni kumigodiko.

Ndine mlongo wanu,
Tisa