Kalata ya ku Chigwilizano

Lachitatu, 12 Juni

Ndatopa, ndipo manyazi andigwila. Tangofika kumene ndi amai kuchokela ku chipatala ku Petauke.

Papita zaka ziwili amai akumakhala pansi m'tchalitchi nyimbo ili mkati, ati miyendo yachita dzanzi. Koma kudimba kuno ku Nyampande amapalila tsiku lonse ali chowelama. Anzao a chigwilizano cha amai anayamba kunena kuti ndi kunyada, poti mwana wao anapita ku yunivesite. Inenso pa Khisimasi ndinati, “Amai, khasu mumalikwanitsa, nyimbo imodzi ikukanikeni bwanji?” Kuyambila tsiku limenelo, kutchalitchi sanapondekonso.

Lelo a dokotala afunsa zimene ine ndi sukulu yanga yonse sindinafunsepo: “Mukawelama, dzanzilo limaleka?” Amai avomela. A dokotala akuti njila imene mitsempha imadutsamo m'fupa la msana yachepa. Munthu akaima chilili mitsempha imapanikizika, akawelama imapeza mpata. Awapatsa mankhwala ochepetsa ululu, nawaphunzitsa masewela olimbitsa msana. Zikakanika, ndiye ku Lusaka, mwina opaleshoni.

M'basi ndinayamba kupepesa, koma amai anandidula. “Zisiye izo, mwanawe. Iwe wodziwa kulemba, ulembe zimene anena a dokotala, mailo Lachinai akawelenge pa chigwilizano.”

Kalatayo ndailemba katatu isanandikomele. Ndaipinda ndi kuwapatsa. Aigwila osaitsegula, nafunsa ngati ndalembamo kuti sikunali kunyada. Ndalembamo. Chimene sindinalembemo n'chakuti mwana waoyo nayenso anakhulupilila kuti kunali kunyada.